Chikho cha bonanza ku Mzuzu: cham'shopu, chamtengo, chachitsulo kapena cha makina a 3D?

Mvula ikangoduka, mabonanza amayamba. Ku Chibavi, ku Zolozolo, ku Masasa, ku Mchengautuwa, kumapeto kwa sabata simulephera kuona anyamata akuthamanga ndi chikho kuzungulira bwalo, fumbi lili kobo. Onjezanipo mpira wamanja, mipikisano ya makwaya, mafunso a m'sukulu, ndi mphoto zimene makampani amapatsa antchito awo mu Disembala. Zikho, zishango ndi mamendulo zimene mzinda uno umagula pachaka n'zambiri ndithu. Komiti ikakhala pansi funso limakhala limodzi: ndi zingati? Za komwe chinthucho chachokera, ndi komwe chidzathere chikadzasuluka, sizilowa m'maminitsi.

Masiku ano kwabwera njira ina. Makina osindikiza zinthu a 3D ayamba kupezeka m'dziko muno, ndipo wachinyamata amene ali nawo akuuzani mosajejema kuti, "Mabwana, ichi n'chopangidwa kuchokera ku chimanga. Mukadzachitaya chidzawola chokha." Mawuwo ali ndi choonadi chake, koma ndi theka. Maganizo anga ndi akuti makinawa ndi abwino kwambiri akamapanga kachidutswa kakang'ono ka chikho kapena chikombole chake, ndipo ndi osathandiza kwenikweni akamapanga chikho chonse kuyambira kutsinde mpaka kunsonga. Koma tiziyeze njirazi imodziimodzi, mudziweruzire nokha.

Cham'shopu

Tonse tikuchidziwa: chagolide waliwali, pamwamba pali kamunthu kakumenya mpira. Chitembenuzeni, mupeza nati pansi pake. Mukaimasula chikho chonse chimayoyoka, chifukwa ndi tizidutswa ta pulasitiki totungidwa pa kachitsulo kamodzi kakatali. Golide uja ndi kachikutiro kopyapyala kachitsulo komata ku fakitale, ndipo kulemera kumene mumamva n'kwa mwala umene uli kutsinde.

Zambiri zimapangidwa ku China, ndipo katundu wa amalonda a kuno kumpoto amakonda kudzera ku Dar es Salaam, kulowa pa Songwe, kudutsa Karonga n'kukwera Chiweta. Ena amati ulendo wautaliwo ndiye mlandu wake waukulu, koma ayi. Sitima yapamadzi imanyamula katundu wochuluka ndi mafuta ochepa pa kilogalamu iliyonse, ndipo fakitale yokhala ndi chikombole chimodzi imatulutsa tizidutswa zikwizikwi, kalikonse m'masekondi owerengeka. Tikawerengera mphamvu yopangira chinthu chimodzi, fakitale imawasiya kutali makina a 3D. Apa tisanamizane.

Mlandu wake uli kumapeto. Golide amayamba kukanuka, khutu limodzi limathyoka ana akamalimbirana, ndipo chikangothyoka palibe mmisiri amene angachilumikize n'kuoneka bwino. Pulasitiki, mwala ndi chitsulo zili pamodzi, wogula zitsulo zakutha sangachifune. Chimapita kudzala, tsiku lina wina amayatsa moto, utsi wake n'kulowa m'zifuwa za ana a pamalopo. Ubwino wake ndi umodzi, koma ndi waukulu: mumagula Lachisanu, Loweruka n'kupereka. Mtengo wake umatsata dola, choncho chitsitsireni mphamvu ya kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, nacho chinasiya kukhala chotchipa monga kale.

Chotuluka m'makina a 3D

Amene sanaone makinawa akugwira ntchito angaganize kuti chinthu chimatuluka nthawi imodzi ngati pepala. Sizitero. Pali ulusi wa pulasitiki wokulungidwa pa gudumu, wonenepa mamilimita 1.75. Kamlomo ka makinawo kamatentha madigiri pafupifupi 200, kamasungunula ulusiwo n'kumauyala mzere pamwamba pa mzere, monga mayi woumba mbiya amasanjira dongo kuchokera pansi kukwera kukamwa. Mzere uliwonse umakhala wa milimita 0.2, ndiye chikho chotalika masentimita 25 chimafuna mizere 1,250. Mumachisiya madzulo makina akulira chapansipansi, m'mawa mupeza chafika m'khosi. M'kati mwake simudzaza, mumangokhala timakoma topyapyala topingasana, mwina magawo 15 pa 100 alionse, kwinako ndi mpweya. N'chifukwa chake gudumu limodzi la kilogalamu likhoza kutulutsa zikho zitatu kapena zinayi za msinkhu umenewu.

Mphamvu ya njirayi ili apa. Kalipentala amayamba ndi thabwa lalikulu n'kumachotsa mpaka patsale chimene akufuna. Makinawa amangoika pofunika. Safuna chikombole, safuna kuti muitanitse zinthu 500 kuti mtengo utsike. Mukafuna chikho chimodzi chokha chooneka ngati tcheri cha khofi wa ku Misuku, kapena chokhala ndi chizindikiro cha sukulu yanu ndi dzina la mwana wopambana, zimatheka popanda kutumiza ndalama zakunja kwa munthu amene simudzamuona.

Za magetsi musadere nkhawa kwambiri. Makina aang'ono apatebulo amadya mawatsi pafupifupi 100 mpaka 150, ndiye usiku wonse amatha yunitsi imodzi kapena ziwiri, zomwe mbaula yamagetsi imatha pa ola limodzi. Komanso magetsi athu ambiri ndi amadzi, ochokera ku Nkula, Tedzani ndi Kapichira pa Shire, kuphatikizapo ochepa a ku Wovwe ku Karonga. Munthu wosindikiza ku Luwinga ali ndi magetsi aukhondo kuposa mnzake wa ku Johannesburg, komwe ambiri amachokera ku malasha.

Chimene chimasokoneza masamuwa ndi kuthimathima. Magetsi akazima chikho chili pa mzere wa 900, makina ena amatha kupitiriza pomwe analekera, komabe pamatsala chipsera chozungulira, ndipo nthawi zina chinthucho chikazizira chimamatuka pa mbale yake. Basi, maola khumi ndi pulasitiki yonse ija zasanduka zinyalala. Tonse tikukumbukira mmene zinalili namondwe Ana ataononga Kapichira mu Januwale 2022, dziko n'kutaya mamegawatsi pafupifupi 130. Wosindikiza akathawira ku jenereta ya petulo, ukhondo wa magetsi amadzi uja wathera pomwepo. Amene ali ndi batire ndi sola ndiye munthu woti mupangane naye.

Kenako pali chinyezi cha Mzuzu. Ulusiwu umamwa madzi a mumpweya, ndipo kuno nkhungu ndi mawawa sizisowa. Ulusi wonyowa mumaumva pokha: umathetheka ukamatuluka, umasiya timaubweya ndi timabowo, chinthu n'kukhala chofooka. Wodziwa ntchito amasunga magudumu ake m'chigubu chotseka bwino, muli timapaketi toyamwa chinyezi. Onjezanipo timizati timene makina amamanga kuti tichirikize makutu a chikho pamene akuumbidwa, tomwe pamapeto pake amatithyola n'kutaya. Mukapita kukapangana, pemphani kuona katoni yake ya zolephereka. Aliyense ali nayo. Kukula kwake kukuuzani zambiri kuposa zithunzi zimene waika pa Facebook.

Tsopano nkhani ya chimanga ija. Pulasitiki imene ambiri amagwiritsa ntchito imatchedwa PLA, ndipo n'zoona kuti imapangidwa kuchokera ku chimanga kapena nzimbe m'malo mwa mafuta a pansi pa nthaka. Koma kuti iwole imafuna malo apadera opangira manyowa, otentha madigiri pafupifupi 58 mosalekeza, achinyezi, kwa milungu yambiri. Dzenje la kuseri kwa nyumba yanu ku Chiputula silifika pamenepo. Mukachikwirira, patapita zaka mudzachifukula chili chomwecho, mwina chitangosweka tizidutswa. Ikasakanikirana ndi mabotolo a madzi ndi zakumwa, a pulasitiki yotchedwa PET, opita kokakonzedwanso, imaononga gulu lonselo. Dziko limene latha zaka likukokanakokana m'makhoti pa lamulo la 2015 loletsa majumbo opyapyala lisamayembekeze kuti pulasitiki ina yatsopano idzadzisamala yokha.

PLA ili ndi vuto linanso lomwe makomiti ayenera kulidziwa. Imayamba kufewa pa madigiri 55 mpaka 60. M'kabati ya ahedi ku Katoto ikhala zaka. Koma siyani chikho chotere m'galimoto yotseka magalasi padzuwa la Okutobala ku Nkhata Bay kapena ku Karonga, mudzachipeza chitawerama khosi. Pulasitiki ina yotchedwa PETG imapirira kutentha kuposa pamenepo ndipo sisweka wamba, koma imeneyo ndi ya mafuta, nkhani ya chimanga palibe. Inanso yotchedwa ABS imatulutsa fungo loipa ndi mpweya wosayenera kupumidwa m'chipinda chotseka, ndiye ngati makina ali kuchipinda chogona, monga zimakhalira kwa ambiri oyamba kumene, imeneyo aileke.

Pali makina ena ogwiritsa ntchito utomoni wamadzimadzi umene umauma ndi kuwala. Amatulutsa zinthu zosalala kwambiri, nkhope ya munthu imaoneka mpaka makwinya. Pa zonse zimene ndatchula, amenewa ndi amene sindingawayamikire pa nkhani ya chilengedwe. Utomoni wosauma ndi poizoni pakhungu ndi m'madzi, chinthu chikatuluka amachitsuka mu sipiriti, ndipo sipiriti wakudayo akathiridwa m'ngalande amathera m'madambo athu ndi mu Lunyangwa. Utomoni ukauma sungasungunulidwenso.

Ndiye ulusiwo umafika bwanji? Umachokera kunja, ku China kapena ku South Africa, ndipo chifukwa amaitanitsa magudumu awiri kapena atatu, kawirikawiri umakwera ndege. Kilogalamu yobwera pandege imatulutsa utsi wochuluka kwambiri kuposa yobwera pasitima. Ubwino wa chimanga uja ukhoza kuthera mlengalenga ulusi usanatsike n'komwe pa Kamuzu International Airport. Mukachipakanso penti wagolide wopopera kuti chifanane ndi cham'shopu, mwaipha njira yomaliza yoti pulasitikiyo idzagayidwe n'kugwiranso ntchito.

Chiyembekezo chilipo mu mabotolo. Botolo la madzi kapena la zakumwa likhoza kudulidwa kukhala lamba wamtali wopyapyala, n'kukokedwa pa kamlomo kotentha mpaka kusanduka ulusi. Anthu m'mayiko ambiri amapanga okha kachipangizo kameneka, ndipo sikovuta kwa wophunzira wa ku Mzuzu Technical College kapena ku Mzuni amene ali ndi chidwi. Ulusi wake ndi waufupi, botolo limodzi limapereka magalamu ochepa, ndipo umavuta kusindikiza. Chikho chonse simungachipange mosavuta, koma mabaji ndi mamendulo ang'onoang'ono zimatheka. Pamlingo waukulu zinachitikapo kale: pa masewero a Olympics a Tokyo 2020, nsanja zoimapo opambana zinasindikizidwa pa makina a 3D kuchokera ku pulasitiki imene anthu anasonkha m'makomo, ndipo mamendulo pafupifupi 5,000 anapangidwa ndi zitsulo zochotsedwa m'mafoni ndi zipangizo zakutha. Anayamba ndi kutolera, makina anabwera pambuyo. Ifenso poyambira ndi pamenepo, chifukwa mabotolo amene amatsala pa Mzuzu Stadium mpira ukatha si oti n'kuwawerenga.

Chamtengo

Tili pakhomo pa Chikangawa, nkhalango yobzala ya mahekitala pafupifupi 53,000 imene inayamba m'zaka za m'ma 1960, ndipo mzinda uno uli ndi msika wonse wa matabwa wotchedwa Zigwagwa. Kukhala ndi zonsezi n'kumaitanitsabe chishango cha pulasitiki kuchokera kutsidya kwa nyanja n'zodabwitsa. Pitani kwa kalipentala aliyense, yang'anani pansi pa benchi. Pali tizidutswa ta matabwa totsala popanga mabedi ndi zitseko, tomwe mawa tikoleza moto. Kachidutswa ka masentimita 20 kakapalidwa, kukwechedwa ndi sandipepa n'kupakidwa vanishi, ndi tsinde la chikho labwino kuposa lam'shopu. Ndalama yatsala mumzinda momwemuno, ndipo chikagwa n'kung'aluka, guluu ndi kamsomali zithetsa nkhani.

Koma mtengo si mtengo chabe. Mukapita kwa osema ziboliboli n'kungonena kuti mukufuna chikho chokongola, adzakusemerani cha phingo kapena mlombwa, chifukwa ndiyo imawala. Phingo amatenga zaka 70 kapena kuposa kuti akhwime, ndipo kuyambira 2017 malonda ake a kunja ali pansi pa malamulo a CITES, pangano la mayiko loteteza nyama ndi zomera zimene zili pangozi yotha. Mkungudza wa ku Mulanje ndiye musayerekeze n'komwe, watsala pang'ono kutheratu m'phiri muja. Chikho cha mtengo wachilengedwe wodulidwa mozemba ku Kaning'ina, nkhalango yomwe imasunga madzi amene timamwa, n'choipa kuposa cha pulasitiki iliyonse. Nenani momveka: "Bambo, ndikufuna paini, bulugamu, kapena zotsala za ntchito ina." Pali matabwa a mitengo ya rabala a ku Vizara, kufupi ndi Nkhata Bay, odulidwa mitengo ikakalamba n'kusiya kutulutsa utomoni wokwanira. Ndi oyera, osalala, ndipo amamwa bwino utoto. Nsungwi nazo zikaumitsidwa bwino zimapanga zinthu zokongola.

Ndivomereze mbali imene anthu amadandaula. Paini wa Chikangawa si wopanda banga, nkhalangoyo yavutika ndi moto komanso kudula mopanda dongosolo. Thabwa losauma limapindika ndi kung'aluka, ndipo zilembo zolemba pamanja ndi penti nthawi zina zimatuluka zokhotakhota, mlendo wolemekezeka n'kumachita manyazi pojambulitsa. Apa ndi pamene makina a 3D amalowa bwino: tsinde ndi thupi zikhale za thabwa, chizindikiro ndi zilembo zituluke m'makina. Magalamu 20 kapena 30 a pulasitiki m'malo mwa 300, ola limodzi kapena awiri m'malo mwa usiku wonse, ndipo magetsi akazima mwataya kanthu kochepa. Muzimange ndi sikuluwu, osati guluu, kuti tsiku lina zidzalekanitsidwe.

Chachitsulo chosungunula

Amisiri opanga mapoto a aluminiyamu ali ndi luso limene makomiti a masewero sanaliganizire. Mukawaona ali pantchito, amatenga poto wakale ngati chitsanzo, amamukwirira mumchenga wonyowa m'bokosi lamatabwa, amatsindira, n'kumuchotsa mosamala kuti patsale mphako yooneka ngati iyeyo. Pambali pali ng'anjo, mnyamata akupukusa gudumu la njinga kuti mphepo ikoleze makala, zidutswa za injini zikusungunuka. Aluminiyamu amasungunuka pa madigiri 660. Amathira mumphako muja, pakapita kanthawi amaphwanya mchenga, chinthu chatuluka.

M'malo mwa poto wakale, apatseni chitsanzo cha mendulo chosindikizidwa pa makina a 3D, chokhala ndi chizindikiro chanu. Chitsanzo chimodzicho chigwira ntchito maulendo ambirimbiri, chaka chino ndi chamawa. Mendulo yake sithyoka, sichita dzimbiri lofiira, ndipo ikadzatopetsa idzabwerera m'ng'anjo. Kusungunula aluminiyamu wakale kumatenga pafupifupi magawo 5 pa 100 a mphamvu yopangira watsopano. Zilembo zing'onozing'ono sizituluka bwino mumchenga, choncho chojambulacho chikhale chachikulu ndi chosavuta, ndipo pamafunika munthu woleza mtima ndi tupa.

Zofunika kusamala ndi zitatu, ndipo zonse n'zolemera. Ng'anjo imadya makala, ndipo makala tikudziwa komwe akuchokera, ndiye mamendulo anu athiridwe tsiku limene akuthira kale mapoto, osati kuyatsira inu nokha moto. Funsani komwe zitsulo zachokera, chifukwa ESCOM yakhala ikudandaula za kubedwa kwa mawaya ake, ndipo simungafune kuti mendulo ya mwana wanu ikhale chifukwa chimene dera lina lagonera mumdima. Chachitatu, zitsulo zakutha zimatha kukhala ndi mtovu. Mendulo yovala m'khosi ilibe vuto lalikulu, koma chikho chotere anyamata asamweremo zakumwa pokondwerera monga amachitira.

Zagalasi ndi za pulasitiki yoonekera zimene makampani amakonda sindichedwapo. Zimaoneka zaulemu pa desiki, koma pepala lake limachokera kunja, podula pamatsala zidutswa zambiri, ndipo galasi likagwa kamodzi kwatha.

Chikho choyenda

Njira imene imaposa zonsezi si yatsopano. Sukulu zakale zinali ndi chishango chimodzi chamtengo, chaka chilichonse ankangokhomapo kachitsulo ka dzina la opambana. Patapita zaka 20 chishangocho chimakhala mbiri ya sukulu, mwana n'kupezapo dzina la timu imene bambo ake ankasewera. Chikho chimodzi cholimba choyenda zaka 10 chimalowa m'malo mwa zikho 10, kaya zikanapangidwa ndi chiyani. Palibe ulusi wa chimanga umene ungapikisane ndi masamu amenewa.

Chimene chimapha njirayi n'chodziwika. Othandiza mpikisano, makamaka chaka cha chisankho, amafuna chikho chatsopano chokhala ndi dzina lawo, chachitali kuposa cha mnzawo. Timu yopambana nayo imakana kubweza, kapena chikho chimasowa kunyumba kwa kochi. Zonsezi zili ndi mankhwala ake. Dzina la wothandiza likhale pa kabaji komasuka, kosindikiza pa makina, kuti chaka chamawa kadzasinthidwe. Timu isainire kuti idzabweza mwezi umodzi mpikisano wina usanayambe, ndipo amene apambana katatu motsatizana achitenge chikhale chawo. Ndalama yotsalayo mugule mipira ndi mayunifomu. Funsani osewera a ku Masasa ngati akufuna chikho chachitali kapena nsapato, yankho simulidikira.

Nanga inu musankhe chiti?

Zitengera mpikisano wanu. Wa chaka ndi chaka, monga ligi ya m'dera, makwaya a mpingo kapena masewero a zoni, pangitsani chikho choyenda cha thabwa lobzala kapena cha aluminiyamu, makina a 3D azingopanga mabaji. Ngati mukufuna mamendulo 50 kapena 100 ofanana, kusindikiza imodziimodzi n'kutaya nthawi ndi pulasitiki, sindikizani chitsanzo chimodzi mupite nacho kwa amisiri a mapoto. Mphoto imodzi yapadera, ya mphunzitsi amene akupuma pantchito kapena namwino amene watumikira zaka 30, ndi pamene chosindikiza chonse chimamveka, chifukwa chidzasungidwa pabalaza mpaka adzukulu. Chikhale cha mtundu umodzi wa pulasitiki, chosapaka penti, ndipo pansi pake alembe kuti ndi PLA kapena PETG. Bonanza ya mawa imene ndalama zake zapezeka lero, gulani cham'shopu, palibe amene akuimbeni mlandu, koma sankhani chachitsulo chenicheni ngati chilipo ndipo muchiyendetse.

Popangana ndi wosindikiza, mufunseni kuti, "Achimwene, chikalephereka pakati alipira ndani, ndipo zotsalazo mumapita nazo kuti?" Gwirizanani kulemera kwa chinthucho m'magalamu asanayambe, popeza mtengo umawerengedwa kuchokera pamenepo ndi pa maola. Mupatseni milungu iwiri kapena itatu, kuti magetsi akavuta asathamangire jenereta. Ndipo fayilo ya chojambulacho akutumizireni pa WhatsApp, mlembi wa komiti aisunge, chifukwa khutu la chikho likadzathyoka chaka chamawa mudzangosindikiza khutulo.